Tchuthi chapamwamba ku Iceland: mafunso ndi mayankho

Ambiri akayamba kufunsa za ulendo wapamwamba wa ku Iceland amayamba ndi hotela: yokongola koposa ndi iti? Funsoli lili ndi malo ake, koma siloyamba. Kumeneko wolamula ndi mphepo ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo ndalama zanu zimapindula mukagula nazo zinthu zitatu: masiku okwanira, wotsogolera alendo wodziwa dzikolo, ndi mpata wosintha dongosolo nyengo ikakana. Mayankho otsatirawa atsamira pamenepo.

Dziko la Iceland lili kuti, ndipo n'lalikulu bwanji?

Ndi chilumba cha kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, pakati pa Greenland ndi Norway. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 103,000, kucheperako pang'ono poyerekeza ndi Malawi, koma anthu ake ndi pafupifupi 390,000 okha, ndipo ambiri mwa iwo amakhala mu likulu la dzikolo, Reykjavík, ndi matauni oyandikana nalo. Mukangotuluka mumzinda mumayenda mtunda wautali osaona mudzi: chiphalaphala chouma cha mapiri ophulika chokutidwa ndi ndere, mathithi, mchenga wakuda, ndi mapiri okutidwa ndi madzi oundana. Madzi oundana a Vatnajökull okha amaphimba pafupifupi 8 peresenti ya dziko lonse.

Chilumbachi chili pamene zigawo ziwiri zikuluzikulu za nthaka, cha North America ndi cha Eurasia, zikutalikirana pafupifupi masentimita 2 chaka chilichonse. Ndicho chifukwa chake kuli mapiri ophulika ndi akasupe a madzi otentha ponseponse. Amene amadziwa kuti nyanja ya Malawi inakhala m'chigwa chimene chinabwera chifukwa cha kung'ambika kwa nthaka adzamva msanga zimene akuona ku Þingvellir, kumene munthu amayenda wapansi mkati mwa mng'alu weniweniwo.

Mukati ulendo wapamwamba, mukutanthauza chiyani kwenikweni?

Musayembekezere mahotela akuluakulu a zipinda mazanamazana ndi antchito okutsegulirani chitseko chilichonse. Anthu a ku Iceland sakonda zodzikweza, ndipo ngakhale m'malo odula koposa wantchito amakuyankhulani ngati mnzake. Chimene mumalipira ndi bata ndi ufulu. Galimoto yaikulu yokhala ndi matayala okwera, imene imadutsa pa chipale chofewa ndi m'mitsinje. Wotsogolera wanu nokha amene amayang'ana mapu a mitambo m'mawa n'kunena kuti lero tisapite kum'mawa, tipite kumadzulo. Kufika pa mathithi a Gullfoss mabasi asanafike. Chipinda chokhala ndi zenera lalikulu loyang'ana kumpoto, kutali ndi magetsi a m'tauni.

Ngati ndalama sizikwanira zonse, chepetsani pa chipinda, osati pa wotsogolera. Chipinda mumangogonamo, wotsogolera ndi amene amapulumutsa tsiku limene mkuntho ukanaliwononga.

Nthawi yabwino yopita ndi iti?

Zimatengera chimene mukufuna kukaona, chifukwa simungaone zonse ulendo umodzi.

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti ndi nyengo yofunda, ngakhale kufunda kwake ndi madigiri 10 mpaka 13 masiku ambiri mu Reykjavík. Cha pa 21 Juni dzuwa limalowa pafupifupi pakati pa usiku n'kutulukanso cha m'ma 3 koloko, ndipo mdima weniweni sukhalapo. Misewu ya kumapiri a pakati pa dziko imatsegulidwa, mbalame za puffin zimakhala m'mphepete mwa nyanja mpaka pakati pa Ogasiti, anamgumi amaoneka bwino ku Húsavík, ndipo msewu wozungulira chilumba umayendeka mosavuta. Kuwala kwa aurora, kumene kumavina kuthambo usiku m'maiko a kumpoto kwenikweni, nthawi imeneyi simungakuone, chifukwa thambo limawala kwambiri.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi nyengo ya mapanga a madzi oundana ndi aurora. Cha pa 21 Disembala dzuwa limatuluka itadutsa 11 koloko m'mawa n'kulowa cha m'ma 3:30 masana, maola anayi okha. Kuzizira kwa mu Reykjavík mu Januwale kumazungulira pa digiri 0, kosaopsa monga dzina la dzikolo limamvekera, chifukwa madzi ofunda a m'nyanja ochokera kumwera amachepetsa chisanu. Chovuta ndi mphepo.

Kwa amene akupita koyamba ndipo akufuna aurora, ife timakonda kumapeto kwa Seputembala, kapena kumapeto kwa Febuluwale ndi Malichi. Usiku umakhala wakuda mokwanira, masana ndi otalika mokwanira kuti muyende. Disembala ndi wokongola, makamaka usiku wolowa chaka chatsopano pamene Reykjavík yonse imayatsa moto waukulu m'madera ndi kuphulitsa makombola okongola, amene ambiri amagulidwa kwa magulu odzipereka opulumutsa anthu pangozi. Koma maola anayi a dzuwa amafuna dongosolo lochepa kwambiri: malo awiri pa tsiku, osapitirira.

Kodi tikalipira zambiri ndiye kuti tidzaona aurora ndithu?

Ayi, ndipo aliyense wokulonjezani zimenezo musamukhulupirire. Pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi: mdima, thambo lopanda mitambo, ndi mphamvu yochokera kudzuwa. Tinthu ting'onoting'ono tochokera kudzuwa timagundana ndi mpweya wa m'mwamba, makilomita 100 kapena kuposerapo kuchokera pansi, ndipo mtundu wobiriwira umene umaoneka kawirikawiri umachokera ku mpweya wa okosijeni. Nyengo yake ndi kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka pakati pa Epulo.

Pa zitatuzi, chimene chimalepheretsa anthu ambiri ndi mitambo. Tsamba la nthambi yoona zanyengo, vedur.is, lili ndi mapu a mitambo, ndipo apa ambiri amasokonezeka: pa mapuwo, pobiriwira ndi pamene pali mitambo, poyera ndi pamene thambo lili lotseguka. Mufunefune poyerapo. Palinso nambala ya Kp, yosonyeza mphamvu ya aurora, yoyambira 0 mpaka 9. Musadikire nambala yaikulu. Chifukwa Iceland ili pansi penipeni pa lamba wa aurora, 2 kapena 3 imakwanira thambo likakhala loyera.

Ndalama zimathandiza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kugona mausiku anayi kapena asanu kunja kwa mzinda, kuti mwayi uchuluke. Yachiwiri ndi dalaivala amene angathe kuyenda nanu ola lathunthu kukafuna pamene mitambo yang'ambika. Mahotela ena, monga Hotel Rangá pafupi ndi Hella, amakudzutsani usiku kuwalako kukayamba ngati mwalembetsa dzina. Gonani zovala zofunda ndi nsapato zili pafupi ndi chitseko, chifukwa nthawi zina kuwalako kumavina mphindi khumi zokha n'kuzimiririka.

Dziwaninso kuti maso saona monga kamera. Aurora wofooka amaoneka ngati mtambo wotuwa umene ukuyenda mwachilendo, pamene pa chithunzi amatuluka wobiriwira. Pojambula ikani kamera pa miyendo itatu, itsegule masekondi 5 mpaka 10, ISO cha pa 1600, ndipo batire yachiwiri muisunge m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, chifukwa kuzizira kumamaliza batire msanga.

Timafika bwanji kuchokera ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka kapena Johannesburg?

Palibe ndege yochoka m'mizinda imeneyi kulunjika ku Iceland. Mumadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenako mzinda wa ku Ulaya monga Amsterdam, Frankfurt, Paris kapena London, n'kukwera ndege ya maola atatu kapena kuposerapo pang'ono kukatera pa bwalo la Keflavík. Werengerani tsiku lathunthu la ulendo, nthawi zina kuposa. Kuchoka ku Keflavík kukafika ku Reykjavík ndi makilomita pafupifupi 50, mphindi 45 pa galimoto. Nthawi ya ku Iceland ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi chaka chonse, kotero thupi silisokonezeka kwenikweni.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapweteketsa anthu. Choyamba, kugula matikiti osiyana pofuna kupulumutsa ndalama: ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri ilibe nanu mangawa, ndipo katundu mumayenera kukatenga nokha n'kumulembetsanso. Gulani ulendo wonse pa tikiti imodzi. Chachiwiri, kudzera ku London: Britain sili m'gulu la Schengen (maiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi), ndipo okhala ndi pasipoti ya Malawi angafunike viza ina yongodutsira. Kudzera mu mzinda wa m'gulu la Schengen kumachotsa vutoli.

Nanga viza?

Iceland sili mu European Union, koma ili m'gulu la Schengen kuyambira 2001. Okhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen. Amene amakhala ku Britain ndi pasipoti ya maiko amenewa amafunikanso viza yomweyo; chilolezo chokhalira ku Britain sichigwira ntchito ku Iceland.

Pasipoti ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo ikhalebe ndi moyo miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka m'dera la Schengen. Pamafunika inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000, umboni wa malo ogona usiku uliwonse, ndondomeko ya ndege, ndi zikalata za ku banki. Malipiro a munthu wamkulu anakwera kufika mayuro 90 mu Juni 2024. Mukhoza kupereka mafomu miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, ndipo musadikire mpaka patatsala milungu iwiri.

Dziko la Iceland lili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Ubale wake ndi Malawi unayamba mu 1989, ndipo anthu a ku Mangochi amaudziwa bwino kudzera m'ntchito za zaumoyo, madzi ndi sukulu. Funsani kumeneko kuti mafomu a viza akulandiridwa kuti pa nthawiyo, chifukwa maiko a Schengen amaimirirana pa ntchito imeneyi. Musalipire hotela ndalama zosabwezedwa viza isanatuluke.

Masiku angati amakwanira, ndipo tiyende njira iti?

M'nyengo yozizira, mausiku asanu ndi limodzi kumwera kwa dziko amakwanira bwino. Usiku woyamba mugone mu Reykjavík kapena pafupi ndi dziwe la madzi otentha la Blue Lagoon, kuti mupume. Kenako mausiku awiri cha ku Hella. Kuchokera kumeneko mumaona njira yotchuka ya Golden Circle: Þingvellir, kumene nyumba ya malamulo ya Alþingi inayambira m'chaka cha 930; kasupe wa Strokkur amene amathuvula madzi otentha m'mwamba pakangopita mphindi 5 mpaka 10; ndi mathithi a Gullfoss amene amagwa mamita 32 m'masitepe awiri. Tsiku lotsatira muone Seljalandsfoss ndi Skógafoss, onse aatali mamita pafupifupi 60, ndi mchenga wakuda wa ku Vík. Mausiku ena awiri akhale pafupi ndi Jökulsárlón, dziwe limene zibuma za madzi oundana zimayandama n'kutuluka kupita kunyanja, makilomita pafupifupi 380 kuchokera ku Reykjavík.

Usiku womaliza ukhale mu Reykjavík, osati kutali. Mfundo imeneyi musaiphwanye. Msewu wodutsa pa Hellisheiði ndi zigawo zina za kumwera zimatsekedwa mkuntho ukabwera, ndipo amene wagona ku Vík akuganiza zodzuka m'mamawa kuthamangira ndege amaisiya ikuuluka.

Msewu wozungulira chilumba, nambala 1, ndi wautali makilomita opitirira 1,300. M'nyengo yofunda muupatse masiku khumi. Alipo amene amaumaliza m'masiku asanu, koma amabwerako ataona galasi la galimoto basi. Kuthamanga sikufika. Ngati masiku ndi ochepa koma mukufuna kumpoto, kwerani ndege ya mphindi 45 kupita ku Akureyri. Imanyamukira pa bwalo laling'ono la mu Reykjavík, osati ku Keflavík.

Mahotela apamwamba ali kuti?

Mu Reykjavík muli The Reykjavik EDITION, yotsegulidwa mu 2021 pafupi ndi nyumba ya zoimbaimba ya Harpa padoko, ndi Hótel Borg ya mu 1930, moyang'anana ndi nyumba ya malamulo, kwa okonda nyumba zakale. The Retreat, pa Blue Lagoon, inatsegulidwa mu 2018 ndipo ili ndi dziwe lake lapadera lozunguliridwa ndi chiphalaphala chouma. ION Adventure Hotel ili pafupi ndi Þingvellir. Hotel Rangá ili ndi malo oonera nyenyezi. Hótel Búðir, ku Snæfellsnes, yaima payokha pafupi ndi tchalitchi chaching'ono chakuda m'mphepete mwa nyanja. Kumpoto kwenikweni, m'chigwa cha Fljót, kuli Deplar Farm, kale famu ya nkhosa, lero nyumba ya zipinda 13 yokhala ndi udzu padenga, kumene alendo amatengedwa pa helikopita kukatsetsereka pa chipale chofewa.

Malo apamwamba koposa amadutsa madola 1,000 usiku umodzi. Chifukwa zipinda n'zochepa, sungitsani malo miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka ulendo usanafike ngati mukupita pakati pa Juni ndi Ogasiti kapena pa chaka chatsopano. Posungitsa funsani zinthu zitatu: zenera likuyang'ana kuti, chakudya chamadzulo chili mumtengo kapena ayi, ndipo chimachitika n'chiyani msewu ukatsekedwa inu n'kulephera kufika.

Blue Lagoon ndi yoyeneradi kutchuka kwake?

Ndi yokongola, koma dziwani chimene ili. Si dziwe lachilengedwe. Madzi ake amachokera ku malo opangira magetsi a Svartsengi, amene amapopa madzi otentha pansi pa nthaka. Amakhala pa madigiri 37 mpaka 40, ndipo mtundu wake wa buluu wotuwira umabwera chifukwa cha silika. Silikayo amaumitsa tsitsi kwa masiku angapo. Pakani mafuta ofewetsera tsitsi ambiri musanalowe, musawatsuke, ndipo mutu ukhale pamwamba pa madzi. Amene aluka tsitsi kapena ali ndi mawigi alimange m'mwamba kapena avale kachipewa kosambira. Ndolo ndi mphete za siliva muvule, zimada. Malo amasungitsidwa pasadakhale, simungangofika n'kulowa.

Alipo ena abwino: Sky Lagoon ku Kópavogur, yotsegulidwa mu 2021 moyang'ana nyanja, Hvammsvík m'mphepete mwa Hvalfjörður, Forest Lagoon pafupi ndi Akureyri, ndi GeoSea ku Húsavík. Ndipo musanyoze maiwe wamba a m'matauni, kumene eni dziko amakumana madzulo kukambirana nkhani atakhala m'madzi otentha.

Lamulo limodzi limadabwitsa alendo ambiri: musanalowe m'dziwe lililonse mumasamba thupi lonse ndi sopo mutavula zonse, ngakhale chovala chosambira. Amuna ndi akazi ali ndi zipinda zosiyana, ndipo m'malo apamwamba muli tizipinda totseka. Amatero chifukwa madzi ambiri amakhala ndi mankhwala ochepa ophera tizilombo, ndipo eni dziko salekerera wozemba lamuloli.

Timamva za mapiri ophulika. Kodi si zoopsa?

Dera la Reykjanes, kumene kuli bwalo la ndege ndi Blue Lagoon, linakhala chete zaka pafupifupi 800 mpaka phiri la Fagradalsfjall litaphulika mu Malichi 2021. Mu Novembala 2023 anthu a m'tauni ya Grindavík anasamutsidwa, ndipo kuyambira Disembala chaka chomwecho nthaka yakhala ikung'ambika kangapo pafupi ndi tauniyo. Blue Lagoon yakhala ikutsekedwa ndi kutsegulidwa malinga ndi mmene zinthu zilili.

Kuphulika kumeneku kumatulutsa chiphalaphala choyenda pansi ndi mpweya woipa, osati phulusa lambiri, ndipo ndege za ku Keflavík zakhala zikuuluka. N'kosiyana ndi kuphulika kwa phiri la Eyjafjallajökull mu Epulo 2010, pamene moto unakumana ndi madzi oundana n'kupanga phulusa limene linaimitsa ndege ku Ulaya kwa masiku angapo. Akatswiri amayang'anira zivomezi usana ndi usiku ndipo mafoni a m'deralo amalandira uthenga wochenjeza. Chofunika kwa inu ndi kukhala ndi malo ena ogona m'maganizo ngati mwasungitsa pafupi ndi Grindavík, ndi kuwerenga bwino ngati inshuwalansi yanu ya ulendo imalipira zosokonekera chifukwa cha phiri.

Tiyendetse tokha galimoto kapena tilembe dalaivala?

Kuyambira Novembala mpaka Malichi, ngati simunayendetsepo pa msewu woundana, lembani dalaivala. Ku Iceland amayendetsa kumanja, mosiyana ndi ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain, ndipo kuphunzira mbali yatsopano pamodzi ndi mdima, madzi oundana ndi mphepo yokankha galimoto n'kudzichulukitsira mavuto.

M'nyengo yofunda mukhoza kuyendetsa nokha. Liwiro ndi makilomita 50 pa ola m'tauni, 80 pa msewu wa miyala, 90 pa phula. Nyali zikhale zoyaka usana ndi usiku. Milatho yambiri ya kumwera ndi yodutsa galimoto imodzi, chikwangwani chake chimati Einbreið brú, ndipo wofika poyamba ndiye amadutsa. Pamene phula likuthera n'kuyamba miyala, chepetsani liwiro musanafike, chifukwa kuponda buleki muli kale pa miyala kumatembenuza galimoto. Nkhosa zimayenda momasuka nyengo yonse yofunda. Mukaona mwana wa nkhosa mbali ina ndipo make ali tsidya, dziwani kuti athamangira kwa make. Musaime pakati pa msewu kuti mujambule.

M'mawa uliwonse onani vedur.is za nyengo, umferdin.is za misewu, ndi safetravel.is za machenjezo. Mphepo amaiyeza ndi mamita pa sekondi: 15 ndi makilomita 54 pa ola, 20 ndi makilomita 72. Chenjezo lachikasu likutanthauza kusamala. La mtundu wa lalanje kapena lofiira, khalani pa hotela. Nambala ya ngozi ndi 112.

Misewu yoyamba ndi chilembo F ndi ya kumapiri, imatsegulidwa pakati pa Juni kapena mu Julayi mpaka Seputembala, ndipo imalola magalimoto okoka matayala onse anayi okha. Kutuluka mumsewu n'kuyenda pa ndere kapena pa mchenga ndi mlandu wa chindapusa chachikulu, chifukwa ndere yopondedwa imatenga zaka makumi kuti ibwerere.

Ndi inshuwalansi iti ya galimoto imene imafunikadi?

Onjezerani ya miyala yothetheka, imene imaswa galasi, ndi ya mchenga ndi phulusa, chifukwa mphepo ya kumwera imatha kupala penti yonse mbali imodzi ya galimoto. Zinthu ziwiri nthawi zambiri sizilipiridwa: kuwonongeka powoloka mtsinje, ndi chitseko chopindidwa ndi mphepo. Imikani galimoto kutsogolo kutayang'ana kumene mphepo ikuchokera, gwirani chitseko ndi manja awiri, ndipo tulukani mmodzimmodzi.

Mapanga a madzi oundana ndi gombe la mchenga wakuda n'zotetezeka?

Mapanga achilengedwe a ku Vatnajökull amapangidwa ndi madzi oyenda pansi pa madzi oundana m'nyengo yofunda, ndipo amakhala olimba kukazizira, kuyambira Novembala mpaka Malichi. Chaka chilichonse amasintha, kotero phanga la pa chithunzi chimene munaona mwina kulibenso. Mkati mwake khoma limakhala losalala ngati galasi, la buluu wozama, lokhala ndi mizere yakuda ya phulusa la mapiri amene anaphulika kalekale, ndipo mumamva madzi akudontha kwinakwake kumdima. Mu Ogasiti 2024 khoma la phanga lina ku Breiðamerkurjökull linagwa n'kupha mlendo mmodzi. Pitani m'nyengo yake, ndi wotsogolera wophunzitsidwa, mutavala chisoti ndi zitsulo za mano kunsi kwa nsapato. Akanena kuti lero sitilowa chifukwa kwagwa mvula, musamukakamize ngakhale mwalipira zambiri. Musakwere pa madzi oundana nokha. Ming'alu yakuya imabisika pansi pa chipale chofewa.

Gombe la Reynisfjara, pafupi ndi Vík, lapha anthu angapo. Mafunde angapo amabwera aang'ono, munthu n'kuyandikira, kenako limabwera limodzi lalikulu lofika patali, n'kumukokera m'madzi ozizira kwambiri. Pali nyali zochenjeza polowera, zitsatireni. Musafulatire nyanja pojambula, ndipo ana muwagwire dzanja.

Tivale chiyani?

Zovala zitatu zosanjikiza. Chamkati chikhale cha ubweya wa nkhosa, chogwira thupi, malaya ndi buluku lomwe. Chapakati chikhale juzi yokhuthala. Chakunja chikhale jekete ndi buluku zosalowa madzi ndi mphepo. Thonje ndi jinzi zisiyeni kuhotela: zikanyowa ndi thukuta kapena mvula zimasunga madzi n'kumakuziziritsani tsiku lonse. Onjezerani chipewa chophimba makutu, magolovesi awiri awiri, masokosi a ubweya, nsapato zolimba zofika m'kakolo, ndi tizitsulo tomangirira kunsi kwa nsapato poyenda pa njira zoterera za kumathithi. Ambulera ilibe ntchito, mvula imabwera cham'mbali.

Nsapato muzivale milungu ingapo musananyamuke kuti zisakakutupitseni matuza. Juzi yoluka pamanja yotchedwa lopapeysa mukaigule komweko. Ubweya wa nkhosa za kumeneko umafunda ngakhale utanyowa pang'ono. Onani chizindikiro chosonyeza kuti inalukidwadi ku Iceland. Mafuta odzola okhuthala ndi opaka milomo musaiwale, chifukwa mphepo ndi zipinda zotenthetsedwa zimaumitsa khungu mpaka kuchita mbuu.

Chakudya chake n'chotani?

Nyama ya nkhosa ndi nsomba ndiye mwini nkhani. Nkhosa zimadya udzu wa kumapiri nyengo yonse yofunda, ndipo nyama yake ndi yofewa. Lawani msuzi wa nkhosa wotchedwa kjötsúpa, nsomba ya cod ndi Arctic char, skyr amene amafanana ndi chambiko chokhuthala, ndi buledi wakuda amene ku Laugarvatn amamukwirira mumchenga wotentha maola 24. Ku Friðheimar mumadya pakati pa matimati olimidwa m'nyumba zagalasi zotenthetsedwa ndi madzi a pansi pa nthaka. Malo odyera a Dill mu Reykjavík ndiwo anayamba kulandira nyenyezi ya Michelin, ulemu wopatsidwa malo odyera abwino koposa, m'dzikomo mu 2017, ndipo Óx ndi Moss anatsatira. Onsewa amafuna kusungitsa tebulo milungu ingapo pasadakhale.

Madzi a pa mpopi ozizira ndi abwino kwambiri, musagule a m'botolo. Otentha amanunkha ngati dzira loola chifukwa cha sulufule. Ndi osamba, osati akumwa. Mowa ndi vinyo zimagulitsidwa m'masitolo a boma otchedwa Vínbúðin ndipo n'zodula, n'chifukwa chake ngakhale eni dziko amagula pa bwalo la ndege akangotera. Musanyamule nyama kapena za mkaka kuchokera kwanu, zimalandidwa polowa.

Tinyamule ndalama zotani?

Ndalama ya kumeneko ndi króna, koma pafupifupi chilichonse chimalipiridwa pa khadi, ngakhale chimbudzi cha pa malo oimika magalimoto. Kwacha simungaisinthe kumeneko. Musananyamuke pitani ku banki yanu mukafunse malire a ndalama zimene khadi lanu lingatulutse kunja pa tsiku ndi pa mwezi, ndipo muwadziwitse masiku a ulendo kuti asalitseke. Mahotela ndi obwereketsa magalimoto amagwirako ndalama ya chikole pa khadi, imene imadya malire anuwo. Khalani ndi makhadi awiri ndipo mudziwe nambala zachinsinsi, chifukwa mapampu ambiri a mafuta akumidzi alibe munthu. Zazikulu zonse lipiriranitu musanachoke. Kupatsa woperekera zakudya ndalama yapadera si mwambo wa kumeneko.

Pa zodula zapadera, ndi ziti zoyenera ndalama zake?

Helikopita yochokera ku Reykjavík imakuonetsani m'maola awiri zimene galimoto singafikeko, ndipo ena amatera paphiri pafupi ndi nthunzi yotuluka pansi. Iikeni kumayambiriro kwa ulendo, kuti ikalephereka chifukwa cha mphepo mukhale ndi tsiku lina. Ku Þríhnúkagígur, m'nyengo yofunda, chikepe chimakutsitsani mamita 120 m'mimba mwa phiri limene linazima kalekale. Pamafunika kuyenda wapansi makilomita atatu kupita ndi atatu kubwerera. Ku Silfra mumasambira mumng'alu wa madzi oyera mbee a madigiri 2 mpaka 4 mutavala chovala chosalowa madzi, ndipo muyenera kudziwa kusambira. Mahatchi a ku Iceland ndi aafupi ndi ofatsa, ndipo ali ndi kayendedwe kosagwedeza kotchedwa tölt, koyenera ngakhale wokwera koyamba.

Ndi tinthu titi ting'onoting'ono timene anthu amaiwala?

Mapulagi a kumeneko ndi a mabowo awiri ozungulira, osati atatu monga a ku Malawi, kotero tengani chosinthira. M'nyengo yofunda tengani kansalu kophimba m'maso pogona, chifukwa makatani ena salimbana ndi dzuwa la pakati pa usiku. Malungo kulibe, koma ku nyanja ya Mývatn kuli tintchentche tambirimbiri m'miyezi yofunda, ndipo kaukonde ka kumutu kamathandiza. Mankhwala anu a tsiku ndi tsiku, jekete ndi chovala chimodzi chofunda zikhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa pa ulendo wosintha ndege kawiri kapena katatu sutikesi imatha kutsala m'mbuyo tsiku limodzi. Ngati mukuyenda ndi ana, funsani zaka zololedwa musanalipire: Blue Lagoon imalandira ana kuyambira zaka 2, Sky Lagoon kuyambira 12, ndipo maulendo okwera pa madzi oundana ali ndi malire awoawo.